Kunena Kapena Kukhala Chete? Gawo Lachiŵiri: Cheza Chosaoneka

Pa Thazima, m'boma la Rumphi, pali chipata choloŵera ku phiri la Nyika. Pamwamba pa phirili ndi pamene pachokera mtsinje wa North Rukuru, umene potsikira ku Karonga ulandira madzi a Sere, kamtsinje kodutsa pafupi ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera. Mgodiwu unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009, unaima mu 2014, ndipo kampani ya Lotus Resources inautsegulanso mu 2025. Mnyamata wa ku Thazima wotsiriza sukulu angathe kukapeza nchito kumeneko.

Tsono tiyerekeze kuti pa nchito yotere, kaya ndi mu mgodi kaya m'chipinda chojambulira mafupa ku chipatala, mnyamatayo waona fumbi la miyala likuuluka osathiridwa madzi, kapena anzake akugwira nchito popanda kachipangizo koyezera cheza. Kodi anene?

Vuto lake ndi lakuti cheza cha yureniyamu, chimene akatswiri amati rediyeshoni, sichioneka, sichinunkha, sichipweteka tsiku lomwelo. Fumbi ndi mpweya wa radoni zikaloŵa m'mapapo, khansa ingadzatulukire patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Pamene malipiro ndi a mwezi uno, ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Mantha a kuchotsedwa nchito si mantha achibwana.

Komabe tikumbukire atsikana a ku New Jersey, m'dziko la America, amene ankapaka utoto wa rediyamu pa mawotchi, akumanyambita burashi kuti isongoke. Nsagwada zawo zinayamba kuwola. Grace Fryer ndi anzake anayi anakasuma mu 1927, ndipo kulimba mtima kwawo kunathandiza kuti antchito a m'mbuyo mwawo atetezedwe.

Kuno ku Malaŵi wonenayo sali yekha. Lamulo la chitetezo cha pa nchito la 1997 limalamula olemba nchito kusamala moyo wa antchito awo, ndipo lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira za cheza. Choncho yambani mwauza kapitawo mwaulemu. Lembani tsiku, malo ndi chimene mwaona, musunge pepala lanu. Zikapanda kusintha, pitani ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwelo, makamaka muli aŵiri kapena atatu.

Inu aphunzitsi, phunzitsani ana kuti kuulula ngozi si ukazitape. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani ya cheza, wodikira kumva kupweteka amatsekula mochedwa.