Mbaula ya timitengo ikusowa nkhuni m'makomboni a Lusaka

Chilala chitaphwetsa madzi a ku damu la magetsi la Kariba mu 2024, nsima ya ku Kanyama, Chawama ndi George inabwerera pa mbaula. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, ndipo pofika September kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi mpaka maola 21 patsiku. Ngakhale a nyumba zokhala ndi kuka ya magetsi anayamba kufunsa mtengo wa makala. Chaka chomwecho boma linaletsa ziphaso zootchera makala ku Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi, komwe matumba ambiri a mu Lusaka ankachokera.

Kodi palibe njira ina? Ilipo, ndipo okwera mapiri ku Ulaya ndi America amainyamula m'chikwama. Ndi kambaula kachitsulo kopepuka, kotentha timitengo touma tonenepa ngati chala. Mpweya umalowa pansi kukoleza moto, wina n'kutulukira m'timabowo ta m'mwamba kukayatsa utsi womwewo, choncho lawi limakhala laukali, utsi wochepa. Timitengo todzaza manja awiri tiwiritsa madzi a tiyi. Yerekezani ndi uvuni wadothi wa kumudzi, momwe mtengo wa makilogalamu 100 kawirikawiri sutulutsa makala opitirira makilogalamu 20. Otsalawo amapita ndi mphepo nsima isanavundulidwe n'komwe.

Koma wa m'phiri amatola timitengo pomwe wamanga msasa. Mayi wa ku Kanyama atola kuti? Nyumba zathinana, mitengo yotsala ndi ya mango ndi mapeyala, ili ndi eni ake. Nkhuni mumaziona pa maliro, pomwe amayi amasanja mafuwa kuseri kwa nyumba n'kutereka miphika ikuluikulu, koma nazonso n'zogula. Komanso moto wa timitengo umafuna munthu wosonkhezera osachokapo, pomwe nyemba za pa makala mumazisiya zikubwata inu mukuchapa. Amene amati amayi a m'komboni amakana zatsopano sanaphikepo nyemba.

Kampani ya SupaMoto inayesa kutseka mpata umenewu. Imaumba utuchi wa ku Copperbelt kukhala timibulu, n'kumatigulitsa pamodzi ndi mbaula yokhala ndi kafani kopemerera moto. Mbaulayo imayaka msanga, siidetsa mapoto kwambiri, ndipo palibe mtengo wa mutondo umene umagwa chifukwa cha iyo.

Makala akupambanabe pa chinthu chimodzi: amapezeka pakona iliyonse, m'kapulasitiki kokwana kuphika kamodzi, wogulitsa wake n'kukhala mnansi woti akhoza kukukongozani mpaka madzulo. Munthu wodya za tsiku ndi tsiku sagula za mwezi wathunthu. Ofuna kuti makomboni ngati Matero ndi Mtendere asiye makala afikitse kaye timibuluto pa tebulo la wogulitsa yemweyo, m'timapaketi ta ndalama zochepa.