Njira ya Wofuna Kuchiritsa Maganizo a Anthu

Aliyense wokhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira kwa Msakambewa ndi kwa Chiwere kufikira kwa Nthondo ndi kwa Kasakula, adziwa kuti zilipo nthenda zina zimene sizitupitsa thupi kapena kulitenthetsa, koma zimamanga munthu m'kati kufikira zitamlekanitsa ndi khasu, ndi chakudya, ndi abale ake omwe: mlimi amene fodya wake wagwa mtengo ku okushoni pamene ngongole ya feteleza ili pakhomo, mayi amene atangochira safuna n'kuliyang'ana komwe khanda lake, mnyamata amene chamba ndi kachasu zamsokoneza, ndi mlendo wa ku Dzaleka, kumene othawa kwawo akhala akulandiridwa chiyambire 1994, amene chinkana anathawa nkhondo kalekale, nkhondoyo imamlondola m'tulo usiku ndi usiku. Anthu otere ali ndi ufulu wolandira thandizo kwa munthu wophunzitsidwa bwino, ndipo n'chifukwa chake kuyenera kuti mwana wofuna ntchitoyi, pamodzi ndi makolo amene adzamlipirira, adziwe makomo amene adzadzera.

Poyamba tisiyanitse antchito, pakuti ambiri amawaphatikiza onse m'dzina limodzi la adokotala a misala. Alipo dokotala amene, atatsiriza udokotala wake wonse, amaphunziranso za matenda a maganizo, ndipo ali ndi mphamvu yolembera mankhwala; otere amaphunzitsidwa ku Blantyre, pa sukulu imene mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences. Alipo anamwino ndi madokotala aang'ono a nthambi yomweyi, ena a iwo osulidwa pa koleji ya St John of God ku Mzuzu, kumenenso amaphunzitsa aphungu. Koma amene tikunena pano, wotchedwa clinical psychologist, salemba mankhwala ayi. Zida zake ndizo kumvetsera, kuyeza maganizo ndi nzeru za munthu ndi miyeso yotsimikizika, ndi kuchiritsa mwa kukambirana kotsata njira, sabata ndi sabata, kufikira wodwalayo ataimanso pa miyendo yake.

Khomo loyamba lili pafupi ndi kwathu. Mwana wa pa sekondale ya Robert Blake ku Kongwe, kapena wa pa sekondale yoyendera ku Malomo, ayenera kukhoza MSCE ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, nalembera malo kudzera ku bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a m'mayunivesite a boma. Akasankhidwa, monga ku University of Malawi ku Zomba kumene kuli nthambi ya psychology, akhala zaka zinayi. Pano ndipo ambiri amasokera, poyesa kuti digiri yoyambayo yawapatsa ulamuliro wotsegula chipinda ndi kuona odwala, pamene yangowapatsa maziko. Ndipo wanzeru amayamba wagwirako ntchito pansi pa ena, kuchipatala, kundende, kapena m'mabungwe othandiza othawa kwawo, kuti adziyese ngati mtima wake ungathe kusenza zowawa za eni ake tsiku ndi tsiku.

Khomo lachiwiri, la digiri ya masitazi, ndilo lopapatiza. Ambiri mwa Amalawi amene ali ndi luso limeneli anakaliphunzira kunja, monga anachitira Pulofesa Chiwoza Bandawe, amene anaphunzira ku University of Cape Town nabwerera kudzaphunzitsa madokotala ku Blantyre ndi kulangiza mtundu m'nyuzipepala. Ku South Africa, kumene dongosolo lake ndi lodziwika bwino, yunivesite iliyonse imalandira kagulu kochepa pa chaka mwa mazana olembera, ndipo kukhoza mayeso pakokha sikukwanira: oyitanidwa amafunsidwa pamaso pa aphunzitsi, amayesedwa m'mene amamvetserera mnzawo, nafunsidwanso za moyo wawo, popeza munthu amene sanayang'ane mabala ake a mumtima angathe kuwasenzetsa wodwala osadziwa. Mayunivesite a Makerere ku Uganda ndi Nairobi ku Kenya nawonso ali ndi maphunzirowa. Mtengo wake ndi wolemera kwa banja lodalira chimanga ndi soya, kotero kuti wofunayo ayenera kufunafuna msanga thandizo la mabungwe monga Beit Trust ndi Commonwealth, osachita manyazi kufunsa kwa amene anadzerako. Safunsa anadya phula.

Maphunziro enieniwo amatenga zaka ziwiri kapena kupitirira. Chaka choyamba wophunzira amadziwa nthenda m'maina ndi m'zizindikiro zake, kakulidwe ka mwana, kayezedwe ka nzeru, ndi njira za kuchiritsa, monga ija anaikhazikitsa Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960, yothandiza munthu kuzindikira maganizo amene amamgwetsa ndi kuwayesa ngati ali oona. Chaka chachiwiri amachitha m'chipatala, akuona odwala enieni. Koma chimene ine ndichiyesa mtima wa maphunziro onsewa, chimenenso sichipezeka m'buku kapena pa intaneti, ndicho uyang'aniro: sabata iliyonse wophunzira amakhala pansi ndi katswiri wamkulu, namfotokozera zimene wodwala ananena, zimene iye anayankha, pamene anafulumira kulangiza asanamve, ndi pamene anachita mantha nasintha nkhani, ndipo mkuluyo amamuwongola mosabisa, kufikira wophunzirayo atazolowera kukhala chete pamene chete afunika, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Momwemonso amaphunzira kusunga chinsinsi, ndi malire ake a chinsinsicho, amene ali pamene moyo wa wodwalayo kapena wa munthu wina uli pangozi. Pamwamba pa izi amalemba kafukufuku, amene sayambika komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa isanavomereze.

Khomo lachitatu ndilo la lamulo, ndipo limakhudza nzika iliyonse. Wobwera ndi digiri yakunja amaipereka ku NCHE kuti aitsimikize, kenaka amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, limene limasunga kaundula wa ogwira ntchito zachipatala, kupereka chiphaso chimene amachikonzanso chaka ndi chaka, ndi kumva madandaulo a anthu. Choncho munthu akaima pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi nadzitcha katswiri wa maganizo, inu amene mwabwera ndi m'bale wanu muli ndi ufulu wonse wopempha kuona chiphaso chake, ndipo iye akakhala woona sadzakwiya nalo funsolo. Wodwala maganizo ndi wosavuta kumdyera masuku pamutu, chifukwa kawirikawiri akadandaula anthu samkhulupirira. Makomo onse atatuwa anaikidwa kuti amtchinjirize iyeyo.

Tsono wophunzira uja akabwerera kwawo adzapeza kuti odwala amayambira kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, napita kuchipatala chaching'ono, nafika kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo amene nthenda yawakulira amatumizidwa ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Zomba, kuchipatala chimene chinatsegulidwa mu 1953, pamene kale, kuyambira 1910, odwala otere ankasungidwa m'chigawo cha ndende. Zomba ndi kutali, ndipo banja losowa ya basi limangomangirira m'bale wawo m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga: katswiri mmodzi sangaone maboma awiri yekha, koma angathe kuphunzitsa ndi kuyang'anira ena, monga anachitira Dokotala Dixon Chibanda ku Harare kuyambira 2006, pamene anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pa benchi ya pabwalo la chipatala, njira imene yayesedwanso m'zipatala zina za kuno kwathu. Adzapezanso kuti miyeso yambiri imene anaphunzira inalembedwa m'Chingerezi, poganizira anthu a maiko ena, ndipo idzakhala ntchito yake kuikonza ndi kuiyesa mwa kafukufuku kuti iyenere mayi wa kwa Kalumo amene sanena kuti wavutika maganizo, koma kuti mtima ukumuwawa ndipo tulo sakuona; ndi kukhala pansi ndi mafumu, abusa, anamkungwi ndi asing'anga, amene odwala amayamba kufikako, kuti agwirizane za nthawi yoyenera kumtumiza munthu kuchipatala.