Ndalama za Kachewere: Gawo 4

M'gawo lapitali, a Gama ndi Tadala, mwana wa mchemwali wawo, anagulitsa kachewere wa alimi a m'kalabu yawo pa Tsangano Turn Off. Ananyamuka dzuwa litapendeka, ndalama zonse zili m'chikwama pansi pa mpando.

Fungo la dizilo linayamba kumveka atapitirira pa Kambilonjo. Pa chitunda chotsatira, Land Rover yawo inatsokomola kawiri, n'kunjenjemera, kenako injini inangoti zii. A Gama anakoka handibuleki.

"Tsika uike mwala kutayala. Ubwere ndi tochi."

Kunja kunali chisanu cholowa m'mafupa, nkhungu itaphimba minda ya mbali ya ku Mozambique. A Gama anatsekula boneti. Galimotoyi, Defender 110 ya 1996, anali atakhala nayo zaka zambiri, ndipo injini yake ya 300Tdi ankaidziwa ngati khonde la nyumba yawo. Anayamba ndi timapaipi tapakati pa mainjekita, poti n'timene timakonda kuuma n'kung'aluka. Tinali bwinobwino. Atafika pamutu pa fyuluta, chala chinanyowa.

"Unika apa. Ukuona bawuti iyi? Ili ndi chibowo m'kati, dizilo amadutsa momwemo kuchokera ku pampu. Pamwamba ndi pansi pali mawasha a kopa. Akasiya kugwira, dizilo amatuluka, mpweya n'kulowa. Injini ya dizilo siyenda ndi mpweya m'mapaipi."

"Ndiye tingomanga kwambiri, amalume?"

"Ukaikakamiza ithyoka, tigona pompano sabata yathunthu. Katole tinkhuni."

Anakoleza moto patali ndithu ndi galimoto. A Gama anamasula bawuti ija, n'kuchotsa mawasha awiriwo, n'kuwakoloweka pa waya. Anawaika pamakala mpaka anafiira psuu, kenako anawaviika m'madzi a m'botolo.

"Kopa akafinyidwa nthawi yaitali amauma," anatero akuwapukuta. "Moto umamufewetsa, ndiye amagwiranso. Atsopano tikagula ku Ntcheu, koma awa atifikitsa kwathu."

Anawakwecha pa sandipepa ataiyala pa galasi la tochi kuti asalale, n'kuwabwezera, wina pamwamba pa mphete ya paipi, wina pansi. Bawuti anayamba kuimanga ndi zala kuti mazinga asapingasane, sipanala inangomalizitsa pang'ono.

"Tsopano tichotse mpweya. Lowetsa dzanja m'mbali mwa injinimu, upeza kachitsulo pansi pa pampu. Uzikapopa."

Tadala anapopa, koma kachitsuloko kanali lendelende.

"Sikakugwira, amalume."

A Gama analowa m'galimoto, n'kugunditsa sitata kamodzi kuti injini isunthe pang'ono. "Yesanso."

Ulendo uno kanalimba. Iwo anamasula kabawuti kapamwamba pa fyuluta. Poyamba panatuluka thovu lokhalokha likuchita phwiii, kenako dizilo woyera wopanda thovu. Anamanga, n'kupukuta paliponse ndi kansanza kuti ngati pangadonthenso paoneke msanga.

Apa ndi pamene Tadala anayandikiza tochi.

"Amalume, sipanala yanu ija ndi yozungulira mutu wonse. Nanga mabala awa achokera kuti?"

A Gama anawerama. M'mbali mwa mutu wa bawuti munali mikwingwirima iwiri yonyezimira, ya mano a pulayala. Chitsulo chonse chinali chakuda ndi fumbi la zaka, koma mabalawo anali a lero lomwe. Anakumbukira kuti pomasula paja, bawutiyo inatembenuka mosavuta konse.

"Bawuti iyi ndinaimanga ndekha mwezi wathawu," anatero motsitsa mawu. "Siinamasuke yokha. Wina waibweza pang'ono chabe, kuti tichoke pamsika bwinobwino, tidzaime kuno kopanda nyumba."

"Pamsika paja boneti anatsekula ndani?"

Sanayankhe. Onse awiri ankadziwa. Pamene ankawerenga ndalama ndi ogula a ku Blantyre, makiyi anasiyira munthu mmodzi yekha, amene anati akufuna kuthira madzi mu rediyeta.

"Zima motowo. Lowa m'galimoto, ukhome chitseko."

Tadala anakankhira dothi pamakala ndi phazi, n'kuthamangira kumpando wake. A Gama anatembenuza kiyi. Injini inazungulira, osalira. Anadikira pang'ono, n'kuyesanso. Inagwira kamodzi, n'kusiya. Batire inayamba kumveka kutopa.

Kumbuyo, m'munsi mwa chitunda, kunaoneka nyali ziwiri za njinga zamoto zikukwera pang'onopang'ono. Zitatsala pang'ono kufika, zonse zinazima nthawi imodzi. Kunamveka mapazi pamiyala, ena kumanja, ena kumanzere.

A Gama anagwira sipanala ya matayala ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pa kiyi. Mphamvu ya batire inatsala ya ulendo umodzi.

Wina anagogoda pa galasi la mbali ya Tadala.

"Achimwene, mwavutika eti? Tsekulani tikuthandizeni."

Tadala anagwira pakamwa. Mawuwo anali a amalume ake aang'ono, msungichuma wa kalabu, amene m'mawa uja anatsala kunyumba akuti akudwala malungo.

Musaphonye gawo 5.