Mapu akakalamba m'galimoto yogonamo, dalaivala adalire chiyani?

Chaka chilichonse, bungwe la Network Rail lomwe limayang'anira njanji za ku Britain limalandira malipoti oposa 1,500 a galimoto zomwe zagunda milatho ya sitima. Zambiri mwa galimotozi ndi malole ndi mabasi, koma chiopsezochi chimakhudzanso gulu lina la madalaivala lomwe lachuluka ku Ulaya: eni galimoto zogonamo, zomwe Angerezi amazitcha motorhome.

Galimoto yotere ndi nyumba yoyenda. M'kati mwake mumakhala bedi, khitchini, firiji, chimbudzi ndi bafa. Zambiri zimatalika mamita 6 mpaka 8, m'lifupi zimakwana pafupifupi mamita 2.3, ndipo msinkhu wake umafika mamita atatu. Kawirikawiri woyendetsa sakhala dalaivala wa malole. Amakhala munthu wopuma pantchito kapena kholo lomwe latenga banja lake kutchuthi, amene masiku ena onse amayendetsa galimoto yaing'ono. Akalowa m'dera lachilendo amadalira makina olozera njira, ndipo pali mafunso awiri omwe makinawo ayenera kuyankha. Kodi mapu omwe ali m'katimo ndi a liti? Nanga makinawo akudziwa kukula kwa galimoto yomwe akuitsogolera?

Setilaiti situmiza mapu

Anthu ambiri amaganiza kuti mapu omwe amaoneka pa sikirini amatsika kuchokera kumwamba. Sizili choncho. Masetilaiti a GPS, omwe ndi a boma la America ndipo amazungulira dziko lapansi pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amangoulutsa nthawi ndi malo omwe iwo ali. Makina a m'galimoto akamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo amawerengera pomwe galimoto yaima. Ntchito ya setilaiti imathera pomwepo, ndipo ndi yaulere.

Misewu, mayina ake, liwiro lovomerezeka ndi msinkhu wa milatho zimachokera m'mapu omwe adasungidwa m'makinamo. Mapuwa amapangidwa ndi makampani ochepa. Kampani ya TomTom ya ku Netherlands idagula kampani yopanga mapu ya Tele Atlas mu 2008. Ina ndi HERE, yomwe idali m'manja mwa Nokia kufikira mu 2015 pomwe makampani opanga galimoto a Audi, BMW ndi Daimler adaigula. Palinso Google, komanso OpenStreetMap, mapu aulere omwe anthu odzipereka akhala akujambula kuyambira mu 2004. Motero makina akhoza kudziwa bwino lomwe pomwe galimoto ili, koma n'kuiika pa msewu womwe udasintha zaka zisanu zapitazo.

Zomwe zimasintha

Msewu watsopano ndicho chitsanzo chodziwika. Mu December 2019 gawo latsopano la msewu wa A14 lolambalala tauni ya Huntingdon ku England lidatsegulidwa, ndipo makina okhala ndi mapu a m'mbuyomo amaonetsa galimoto ikuyenda pakati pa minda. Izi zimangosokoneza dalaivala. Zomwe zimamulowa m'thumba ndi kusintha kwa malamulo.

Pa 1 July 2018 dziko la France lidatsitsa liwiro pa misewu yambiri ya kunja kwa mizinda kuchoka pa makilomita 90 kufika pa 80 pa ola, ngakhale kuti pambuyo pake zigawo zina zidabwerera pa 90. Pa 17 September 2023 dziko la Wales lidaika liwiro la mamailosi 20 pa ola m'misewu yambiri ya m'malo okhala anthu, pomwe kale lidali 30. Pa 29 August chaka chomwecho, dera la ULEZ, momwe galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira mapaundi 12.50 patsiku, lidakulitsidwa n'kufika m'madera onse a mzinda wa London. Makina omwe mapu ake adaikidwa komaliza mu 2017 sadziwa chilichonse mwa izi, ndipo amapitiriza kuonetsa manambala akale mopanda chikaiko.

Makina obwera ndi galimoto

Galimoto yogonamo imapangidwa ndi makampani awiri. Injini, matayala ndi mbali ya dalaivala zimachokera ku kampani yopanga mavani, ndipo ku Ulaya zambiri zimamangidwa pa Fiat Ducato, zina pa Peugeot Boxer, Ford Transit kapena Mercedes-Benz Sprinter. Nyumba ya kumbuyo imamangidwa ndi makampani ena monga Hymer ya ku Germany, Adria ya ku Slovenia, kapena Swift ndi Bailey a ku England. Makina olozera njira akachokera kwa wopanga vani, kawirikawiri amakhala opangidwira vani yonyamula katundu, ndipo ambiri alibe poti mwini wake alembepo msinkhu kapena kulemera kwa nyumba yomwe yawonjezedwa. N'chifukwa chake omanga nyumba ena amaika makina a makampani monga Alpine, Pioneer ndi Zenec, omwe mitundu yake ina idapangidwira galimoto zogonamo.

Ubwino wa makina omangiriridwa m'galimoto ulipo. Sikirini yake ndi yaikulu, imaonetsanso zithunzi za kamera ya kumbuyo, ndipo palibe mawaya olendewera. Mbala singawanyamule mophweka. Ena amawerenga kazunguliridwe ka matayala, kotero amapitiriza kulondola galimoto ikalowa m'msewu wa pansi pa phiri momwe setilaiti simveka.

Vuto limabwera nthawi yoika mapu atsopano. Pa mitundu yambiri ya zaka zapitazo, mwini galimoto amayamba waika fulashi m'makina kuti ikope zizindikiro zawo, kenaka amapita nayo pa kompyuta, amatsitsa mapu olemera magigabaiti angapo, ndipo amabwerera kugalimoto kukawalowetsa. Gawo lomalizali likhoza kutenga ola lathunthu kapena kuposerapo, ndipo magetsi akazima ntchitoyi ili m'kati, makina akhoza kutsala opanda mapu alionse. Mitundu ina imafuna kadi yatsopano kapena ulendo wa kwa ogulitsa galimotozo. Makampani ena amapereka mapu mwaulere kwa zaka zochepa zoyambirira, kenaka amayamba kulipiritsa, ndipo mtengo wa mapu amodzi ukhoza kupitirira mapaundi 100. Galimoto zatsopano zimalandira mapu kudzera pa intaneti, koma nakonso mwayi waulere ukatha mwini wake amalipira chaka ndi chaka.

Chachikulu n'chakuti galimoto ndi makina ake sizikalamba mofanana. Galimoto yogonamo imayenda milungu yochepa pachaka, choncho ikhoza kukhala yamphamvu kwa zaka 20. Makina a m'kati mwake amasiyidwa ndi owapanga nthawi imeneyo isadakwane. Wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito akhoza kupeza kuti mapu atsopano a makina ake sakupangidwanso, ngakhale ali wokonzeka kulipira.

Zipangizo zonyamulika

Njira yachiwiri ndi chipangizo chapadera chomwe chimamatidwa pa galasi la kutsogolo. Makampani a Garmin ndi TomTom amapanga mitundu ya galimoto zogonamo, yodziwika ndi mayina a Garmin Camper ndi TomTom GO Camper. Mwini wake amalembamo msinkhu, m'lifupi, kutalika ndi kulemera kwa galimoto, ndipo chipangizocho chimasankha njira yopewa milatho yaifupi ndi misewu yoletsa galimoto zolemera. Mitundu yatsopano imatsitsa mapu pa Wi-Fi munthu ali pabalaza, kangapo pachaka, popanda kompyuta. Mtengo wake ndi mapaundi mazana angapo, ndipo galimoto ikagulitsidwa chipangizocho chimapita ndi mwini wake.

Komabe lonjezo lakuti mapu adzakhala aulere kwa moyo wonse liyenera kuwerengedwa modekha. Kumayambiriro kwa 2018, TomTom idalengeza kuti isiya kupereka mapu atsopano pa mitundu ina yakale ya zipangizo zake kaamba koti inalibe malo okwanira kusunga mapu omwe akukulirakulira. Kampaniyo idafotokoza kuti moyo womwe umanenedwawo ndi nthawi yomwe chipangizo chingathe kulandirabe chithandizo, osati moyo wa wogula. Chaka chotsatira, pa 6 April 2019, kawerengedwe ka milungu ka GPS, komwe kamabwerera pa ziro pakatha milungu 1,024, kadayambiranso, ndipo eni zipangizo zina zakale adafunika kuikamo pulogalamu yatsopano kuti zigwirebe ntchito bwino.

Foni ya m'manja

Njira yachitatu ili kale m'thumba. Google Maps ndi Waze amakhala ndi mapu osachedwa kusinthidwa, ndipo amadziwa pomwe pachitika ngozi kapena pomwe msewu watsekedwa lero lomwe. Kudzera mu Apple CarPlay ndi Android Auto, mapu a pafoni amaoneka pa sikirini ya galimoto, zomwe zimachititsa madalaivala ambiri kuiwaliratu mapu obwera ndi galimotoyo.

Koma mapulogalamu awiriwa safunsa msinkhu wa galimoto. Amaitenga nyumba ya mamita atatu ngati galimoto wamba. Ku Paris, msewu wa pansi pa nthaka wa Duplex A86 umalola galimoto zosapitirira mamita awiri okha, ndipo kwa pulogalamu yofuna njira yachidule msewu wotere ndi wabwino. Ichi n'chifukwa chake mu 2017 bungwe la makhonsolo la Local Government Association ku England lidapempha kuti madalaivala a malole azikakamizidwa kugwiritsa ntchito makina opangidwira galimoto zikuluzikulu. Eni galimoto zogonamo ali ndi mapulogalamu monga CoPilot GPS, Sygic ndi OsmAnd omwe amalandira miyezo ya galimoto ndipo amasunga mapu m'foni momwemo, kotero amagwira ntchito kopanda netiweki.

Foni ilinso ndi zofooka zina. Imatentha ikakhala padzuwa pa galasi, batire yake imatha msanga, ndipo chitulukireni Britain m'bungwe la European Union makampani angapo a mafoni a m'dzikolo adabwezeretsa malipiro ogwiritsa ntchito intaneti m'maiko a bungwelo. Malamulo nawonso ndi okhwima. Ku Britain, dalaivala wogwira foni m'manja akuyendetsa amalipira mapaundi 200 ndi kulembedwa mapointi 6 pa laisensi, choncho foni iyenera kukhala pa chogwirizira chake. Ku France, kuyambira mu 2012 n'kulakwira lamulo kukhala ndi chipangizo choonetsa malo enieni a makamera oyeza liwiro, ndipo chindapusa chake chimafika mayuro 1,500. Chipangizo chakale chomwe sichidasinthidwe chikhoza kumuika mlendo m'mlandu womwe sakuudziwa.

Nkhani yodziwika kuno kwathu

Ngakhale galimoto zogonamo n'zosowa m'Malawi, vuto la mapu omangiriridwa m'galimoto si lachilendo. Galimoto zambiri zoitanitsidwa ku Japan zimafika ndi sikirini yolembedwa m'Chijapani, yokhala ndi mapu a misewu ya ku Japan yokha. Eni ake amasiya makinawo akungoyimba nyimbo, kapena amawachotsa n'kuika ena a Android, ndipo njira amaifufuza pafoni.

Alendo omwe amadutsa m'dziko muno pa galimoto zogonamo, ena kuchokera ku South Africa ena ku Ulaya, amakumana ndi zomwezo chifukwa makina obwera ndi galimoto zawo sakhala ndi mapu okwanira a kuno. Ambiri amadalira mapu a Tracks4Africa, kampani ya ku South Africa yomwe imajambula misewu pogwiritsa ntchito njira zomwe apaulendo adadutsamo. Ngakhale zili choncho, mapu amaonetsa msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba ngati njira yaifupi, pomwe uli ndi makona okhota kwambiri pafupifupi 20 omwe galimoto yaitali ingavutike kuwadutsa. Ndipo namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera mu March 2023, panalibe mapu omwe akadauza dalaivala zoona kuposa anthu a m'deralo.

Chomwe dalaivala angachite

Palibe njira imodzi yokwanira payokha. Makina obwera ndi galimoto ndi oyenera kuwasamala pomwe mapu ake akupezekabe mwaulere kapena pamtengo wabwino, ndipo wogula galimoto yakale ayenera kufunsa chaka cha mapu ake asadalipire. Mapu akasiya kupangidwa, ndalama yomwe ikadapita ku makinawo imapindula kwambiri ikagula chipangizo kapena pulogalamu yolandira miyezo ya galimoto, pomwe Google Maps kapena Waze azingothandiza kudziwa momwe msewu ulili tsikulo. Ntchito yoika mapu atsopano ichitike kudakali masiku angapo ulendo usadayambe, osati m'mawa wonyamuka.

Miyezo nayonso ikhale yeniyeni. Nambala ya m'buku la galimoto siwerengera mlongoti wa wailesi yakanema, makina oziziritsira mpweya a padenga kapena njinga zomangiriridwa kumbuyo, choncho mwini wake ayenera kuyeza yekha ndi tepi. Lamulo la ku Britain limafuna kuti galimoto yopitirira mamita atatu ikhale ndi chikalata choonetsa msinkhu wake pomwe dalaivala angachione. Popeza zikwangwani za kumeneko zimalembedwa m'mafiti ndi mainchi, dalaivala ayenera kudziwa kuti mamita atatu ndi mafiti 9 ndi mainchi 10.

Ngakhale chipangizo cha miyezo chili ndi malire. Chimadziwa zoletsa zomwe zidalembedwa m'mapu basi. Kanjira kopapatiza ka pakati pa mipanda ya miyala ku Cornwall, komwe kulibe chikwangwani choletsa, kwa icho ndi msewu ngati wina uliwonse. Ku Britain, mlatho uliwonse wosafika mafiti 16 ndi mainchi 6 umayenera kukhala ndi chikwangwani, ndipo zomwe zalembedwa pa chikwangwanicho zikasiyana ndi zomwe makina akunena, dalaivala ayenera kutsata chikwangwani.