Za mdulidwe ku Joni kuno, ndiyankhe kamodzi

Sukulu zikangoyandikira kutsekera kumudzi, foni yanga sipuma. Alamu anga ku Utale, azakhali ku Liwonde, funso ndi limodzi: mwana abwera liti kudzalowa kundagala? Ena amati ngati ya basi yavuta ndingopita naye kuchipatala konkuno, poti anamva kuti ku Joni amadula ulere. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye mundimvere pano nonse a m'mbali mwa Rivirivi.

Zaulerezo n'zoona, m'zipatala za boma salipiritsa. Koma mwana wanga ali ndi zaka 9, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la ana, Children's Act la 2005, loletsa kudula mnyamata wosakwana zaka 16. Limalola pa zifukwa ziwiri zokha: chipembedzo, kapena dokotala akanena kuti thanzi la mwanayo likufuna zimenezo. Mwambo wa makolo mulibemo. Apa mpamene mutu wanga unaima. Mnzanga wa ku Mangochi, Myao ngati ine, anadulitsa wake ali khanda popanda womufunsa kawiri, chifukwa iye ndi Msilamu. Ine Mkatolika, amene ndinalowa jando lomwelo, anamwino anandiuza mwaulemu kuti ndidikire mwana akule, pakuti ngakhale mdulidwe wopewera HIV amayambira pa zaka 15, monga bungwe la WHO linalangizira mu 2020. Ndiye akakulayo, wovomera si ine. Amayamba amulangiza, ndipo akati sakufuna, nkhani yathera pompo. Tandiuzani, ndani angapite kukawauza amalume ake, eni mbumba, kuti mnyamata wakana?

Ndinapsa mtima, sindinama. Komabe ukakhala kuno n'kumamva nkhani za ku Eastern Cape, umadziwa chimene boma likuopa. Axhosa amapita kutchire ali anyamata otha msinkhu, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, ena mu Disembala dzuwa likuswa mtengo. Chaka sichitha osamva maliro, ndipo si a mmodzi kapena awiri. Ena amafa ndi ludzu chifukwa amawaletsa kumwa madzi, ena bala limawola pomangidwa kwambiri. Alipo amene amabwerako chiwalo chitaduka. Mu Disembala 2014, pachipatala cha Tygerberg ku Cape Town, madokotala otsogozedwa ndi André van der Merwe anamuika chiwalo cha munthu wina mnyamata wa zaka 21 amene chake chinaonongekera kumwambo, koyamba padziko lonse opaleshoni yotere kutheka. N'chifukwa chake mu 2021 anabweretsa lamulo lina, Customary Initiation Act: tsimba lilembetsedwe kuboma, mnyamata ayambe wapimidwa kuchipatala, makolo asaine. Chonsecho wodulidwa kuchipatala anzake amamusekabe kuti si mwamuna.

Ndikamva zoterezi ndimanyadira jando lathu, kumene ana amapatsidwa madzi ndi chakudya, alombwe ali pambali usiku ndi usana. Ndimalakalaka tsiku lotuluka lija, amayi akululutira, ufa uli mbuu kumutu. Koma tisadzitame kwambiri. Angaliba a mpeni umodzi pa ana onse tinawaona ndi maso athu.

Tsono inu amene mumati wodulidwa satenga kachilombo, kafukufuku amene mukumunamizirayo anachitikira kufupi ndi kuno, ku Orange Farm, kummwera kwa Johannesburg. Mu 2005 anapeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anapezanso zofanana, ndipo mu 2007 WHO ndi UNAIDS anavomereza. Mfumu Goodwill Zwelithini mu 2009 inauza Azulu kuti abwerere kumdulidwe umene anausiya kalekale m'nthawi ya Shaka, koma azikadulidwa ndi achipatala. Kwathu boma linayamba lazengereza, akuluakulu akufunsa kuti nanga bwanji kummwera, kumene odulidwa ndi ambiri, ndi kumenenso kachilombo kachuluka. Funsolo silinali lopusa. Kuchepetsa si kutseka, 40 yotsalayo yatengera ambiri kumanda, ndipo madokotala amanena kuti odulidwa kumudzi ena khungu silinachotsedwe lonse.

Pa za ndalama, alamu, ndinene poyera. Chaka chatha munanditumizira mndandanda wa jando la adzukulu: ya angaliba, ya mfumu, mbuzi, mpunga, suti, nsapato, zoimbira zobwereka. Pamndandanda wonsewo panalibe ya minibasi yopita kuchipatala cha Balaka kapena cha ku Liwonde, kumene mwana angadulidwe ndi zipangizo zaukhondo n'kukalandira mwambo kundagala bala likupola. Imeneyo ndituma, ndi ya chakudya chomwe. Ya zoimbira musonkhe nokha, marandi kuno sitichita kutola.

Wangayu chaka chino sabwera. Sukulu za kuno zimatsekulira mu Januwale, ndipo mu Ogasiti, pamene inu mukumanga ndagala, iye amakhala ali m'kalasi. Pasipoti yakenso inatha, ndipo mwana wopanda mapepala sindingadutse naye pa Beitbridge.