Mlandu suwola: munthu angadziwe bwanji ngati ali ndi waranti?

Mabasi ochokera ku Joni akaima pa chipata cha Dedza, si onse otsika amene amakhala ndi chimwemwe. Pakati pawo pamapezeka mnyamata amene adanyamuka usiku zaka zitatu zapitazo, atatuluka pa belo pa mlandu womenyana pa msika wa Chimbiya kapena Lobi, ndipo sadabwererenso kukhoti. Akapereka pasipoti pawindo mtima umangoti phaphapha: kodi dzina lake lili m'mabuku a boma?

Nkhawa yomweyo ili ndi makolo ake kumudzi, makamaka malume amene adasainira belo ija ngati mboni.

Chikalata cholamula kuti munthu amangidwe, chomwe ambiri amangoti waranti, sichichokera kupolisi monga ena amaganizira. Chimachokera kukhoti, chimasainidwa ndi woweruza, ndipo apolisi ntchito yawo n'kungochikwaniritsa. Lamulo loyendetsera milandu la Criminal Procedure and Evidence Code limati chikalatachi chimakhalabe ndi mphamvu mpaka munthuyo atagwidwa kapena khoti lomwe lidachitulutsa litachifafaniza. Sichitha ndi zaka. Chimagwiranso ntchito paliponse m'dziko muno, kotero yemwe adathawa mlandu ku Dedza atha kukatoledwa ku Karonga.

Ambiri amene ali ndi waranti si zigawenga ayi. Ena adalandira masamoni n'kuwaika pansi pa mphasa. Ena adapatsidwa tsiku lobwerera kukhoti, koma lidagwera nthawi yokumba mbatata ya kachewere, kapena ya minibasi yochokera ku Mayani idasowa. Wina adangomva kuti wodandaula wamukhululukira, n'kuyesa kuti basi yatha. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna: kugwirizana kwa mabanja pansi pa mtengo sikutseka fayilo ya kukhoti pokhapokha khotilo litadziwitsidwa n'kuvomereza.

Kuno kwathu kulibe kaundula woti aliyense n'kutsegula pa foni kuti aone dzina lake, monga zilili m'madera ena a ku America. Bungwe la apolisi a dziko lonse la Interpol limaika ena mwa maina a anthu osakidwa pa intaneti, koma amenewo ndi a milandu ikuluikulu yodutsa malire, osati ya mbuzi yobedwa ku Linthipe.

Choncho njira ndi ya miyendo. Malo oyamba ndi ofesi ya makalaliki pa khoti la majisitireti pomwe mlanduwo udayambira. Nambala ya mlandu ndi chaka chake zimathandiza kwambiri, ndipo zimapezeka pa pepala la belo kapena pa masamoni, ngati mbewa sizidadye. Popanda nambala, dzina lonse, mudzi, mfumu ndi chaka zingathandize, ngakhale kuti kusakasaka m'mafayilo akale kumafuna kupirira.

Kufunsa kupolisi nakonso n'kotheka, koma mwini wake adziwiretu kuti waranti ikapezeka sabwereranso kunyumba tsiku limenelo. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuyamba wakaonana ndi loya. Osauka ali ndi bungwe la boma la Legal Aid Bureau, komanso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende, polisi ndi makhoti. Loya angathe kuona fayilo, kenaka n'kuperekeza munthuyo kukhoti kuti akafotokoze chomwe chidamulepheretsa ndi kupempha kuti waranti ifafanizidwe. Khoti litha kumva kapena kukana, ngakhale kumulanda belo kumene, komabe wobwera yekha ndi wobwera ndi unyolo saoneka mofanana pamaso pa woweruza.

Ngakhale akuluakulu zoterezi zimawazunguza. Mu July 2017 apolisi adalengeza kuti ali ndi chikalata chomangira mtsogoleri wakale wa dziko lino, Mayi Joyce Banda, pa nkhani ya kusolola ndalama za boma ya Cashgate. Iwo, amene panthawiyo adali kunja, adakana kuti sadalakwe chilichonse. Adabwerera kumudzi mu April 2018 ndipo sadamangidwe. Koma mlimi wa ku Bembeke asatengerepo phunziro lolakwika, iye alibe gulu la maloya ndi atolankhani omuchingamira.

Apolisi akafika ndi waranti, ayenera kumuuza munthu zomwe zalembedwamo, ndipo akapempha kuti aione, amuonetse. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Tisaiwalenso kuti pa milandu yambiri apolisi amaloledwa kumanga ngakhale popanda waranti.

Palinso akamberembere amene amadyera pa mantha a anthu. Amaimba foni kunena kuti "dzina la mwana wanu latuluka", n'kupempha kangachepe kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money kuti alifufute. Palibe wapolisi kapena kalaliki amene ali ndi mphamvu zofafaniza waranti, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere.

Nanga malume adasainira aja? Mphwawo akapanda kuonekera, khoti litha kuwaitana kuti afotokoze chifukwa chomwe sangalipirire ndalama zomwe adalonjeza pa pepala la belo.