Wakuba wa pafoni amadalira kuti musauzane

Tiyerekeze kuti pa Lirangwe, m'mbali mwa msewu wa M1, pali maejenti awiri otumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Mmodzi walandira foni: "Ndife a ku ofesi, tikukonza netiweki, tiuzeni PIN yanu." Watchula, ndalama zapita. Kodi amuuze mnzake wa pabenchi yapafupi? Akaulula, makasitomala amuona ngati wogona n'kuthawira kwa mnzakeyo. Akabisa, bizinesi ipitirira. Mnzakeyonso zitamugwera angaganize chimodzimodzi, ndiye onse ali duu. Mawa wakuba uja aimbira ejenti wa ku Chileka ndi bodza lomwelo, mwinanso nambala yomweyo.

Vuto ngati limeneli limaphunziridwa m'nthambi ya masamu yotchedwa game theory, yomwe imafufuza mmene anthu amasankhira zochita pamene phindu la wina likudalira zimene mnzake asankhe. Mu 1950, Merrill Flood ndi Melvin Dresher a ku America anaonetsa kuti anthu awiri, aliyense akusankha zomukomera mwanzeru ndithu, angathe kuluza onse.

Nanga njira yotulukira ilipo? Mu 1980, Robert Axelrod wa pa yunivesite ya Michigan anapikisanitsa mapulogalamu a kompyuta pa masewera omwewa, koma obwerezabwereza. Inapambana ndi pulogalamu yaifupi kwambiri, ya Anatol Rapoport. Inkayamba ndi kugwirizana, kenako n'kumabwezera zomwe mnzake wachita ulendo wapitawo. Ukaipusitsa imakulanga, ukasintha imakhululuka pompo.

Chinsinsi chagona pa kubwereza. Maejenti athu aja si alendo ongokumana kamodzi pa depoti. Amaonana tsiku ndi tsiku, wina fuloti ikamuthera amathamangira kwa mnzake. Atati akhale ndi gulu la WhatsApp lomwe wochenjeza anzake amachenjezedwanso, wobisa n'kuyamba wachotsedwa kaye, kubisa kuja kungasiye kupindulitsa.

Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso amaopa kutaya makasitomala akaulula kuti makompyuta awo athyoledwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhazikitsa ofesi ya Malawi CERT pansi pa MACRA kuti izilandira nkhani zotere. Koma ofesi payokha siitsegula pakamwa pa munthu. Kampani ingalankhule msanga itatsimikiza kuti dzina lake silimveka pa wailesi, komanso kuti opikisana nayo akathyoledwa iyonso idzauzidwa tsiku lomwelo.